Ndere za m'madzi: chakudya, feteleza, mankhwala kapena poizoni?

Azakhali anga anabwera kunyumba ndi kabotolo ka mapilitsi obiriwira amene anagula kwa mayi wina wa pagulu lawo la banki m'khonde. Pabotolopo panalembedwa kuti spirulina, imene ndi mtundu wina wa ndere za m'madzi. Atatsegula munatuluka kafungo ngati ka m'mbali mwa damu la nsomba nthawi ya dzuwa, ndipo atandipatsa limodzi m'manja linandisiyira kaufa kobiriwira pachikhatho. Wogulitsayo anawauza kuti BP, shuga, nyamakazi, olo khansa imene, zonse zimatha ndi kabotolo komweko. Funso lawo linali limodzi basi: "Iwe unapita kusukulu, tandiuza, ndisiye akuchipatala aja?"

Nthawi yomweyo, mu December 2024, nkhani inali ponseponse yoti ku Lake Chivero, pafupi ndi Harare, zipembere zinayi zafa zitamwa madzi amene munali ndere zapoizoni. Nde munthu umasokonezeka ndithu, chinthu chomwecho ena akuti chikuchiritsa, ena akuti chikupha chipembere chathunthu, enanso pa YouTube akuti ndi feteleza waulere. Nkhani zitatu zonsezi muli choonadi, koma chilichonse chili ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene ndikufuna tione bwinobwino.

Ndere zake ziti?

Ife mawu oti ndere timawagwiritsa ntchito pa zambiri: zoterera za pamwala kumtsinje zimene zimagwetsa anthu pochapa, zobiriwira zomera mkati mwa chigubu kapena thanki ya madzi, ngakhale zouma zija zomata pakhungwa la mtengo. Asayansi amazigawa. Pali ndere zenizeni, zimene thupi lake linapangidwa mofanana ndi la zomera, monga Chlorella ndi Haematococcus. Ndiye pali gulu lina lotchedwa cyanobacteria, limene ndi maso limaoneka ngati ndere koma kwenikweni ndi mabakiteriya amene amadzipangira okha chakudya kuchokera ku dzuwa. Spirulina ili m'gulu limeneli, ndipo zimene zinapha zipembere ku Chivero zilinso m'gulu lomweli. Zili ngati bowa, banja ndi limodzi koma wina ndi ndiwo wina ndi maliro, ndipo kusiyana kwake nkuti bowa agogo amamuzindikira ndi maso pomwe tinderetu sungatisiyanitse popanda maikulosikopu.

Tizamoyo timeneti ndi takalekale. Mpweya wa okosijeni umene tikupumawu unayamba kuchuluka padziko zaka pafupifupi 2.4 biliyoni zapitazo chifukwa cha cyanobacteria. Ndipo olo simunamwepo pilitsi lobiriwira, ndere mumadya kale kudzera mu nsomba. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zimakhalira kupala ndere pamiyala, chambo chimasefa tindere toyandama m'madzi, ndipo mafuta abwino aja a omega-3 amene amatamandidwa mu nsomba gwero lake ndi ndere. Alimi a nsomba amadziwa zimenezi popanda buku, amathira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'damu kuti madzi abiriwire, kenako amaviika mkono, chikhatho chikasiya kuoneka madzi atafika cha m'chigongono ndiye kuti chakudya cha makumba chakwana.

Zimene amati mankhwala achilengedwe

Chamoyo chimene sichingathawe chimadziteteza ndi zimene chimapanga m'thupi mwake. Tsabola amawawa, fodya ali ndi chikonga, chinangwa chowawa chili ndi poizoni wake. Ndere nazonso zimapanga timankhwala tambirimbiri, tina totchingira dzuwa likanyanya, tina tothamangitsira tizilombo tozidya, tina tolepheretsa ndere zinzake kumera pafupi. Asayansi akamati akufufuza mankhwala achilengedwe a m'ndere, akutanthauza kutenga timankhwala timeneti kamodzikamodzi, kukapatula, nkuona kuti kamachita chiyani.

Njirayi si yachilendo. Penicillin anachokera ku nkhungu imene Alexander Fleming anaiona mu 1928. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona. LA amene timamwa tikadwala malungo maziko ake ndi artemisinin, amene Tu Youyou wa ku China ndi anzake anamupatula kuchokera ku chitsamba mu 1972. Koma taonani kuti kuchipatala sakupatsani khungwa kapena masamba, amakupatsani chinthu chimodzi chopatulidwa, choyezedwa mlingo, choyesedwa pa anthu ambiri. Kusiyana kumeneku, pakati pa chomera chonse ndi mankhwala opatulidwa, ndi kumene kumasokoneza anthu ambiri pa nkhani ya ndere.

Spirulina

Iyi ndiye yotchuka, ndipo mbiri yake ndi ya ku Africa kuno komanso Mexico, osati ya m'mafakitale a azungu ayi. Dzina lake la sayansi ndi Arthrospira, pa maikulosikopu imaoneka ngati kawaya kopotana. Imakonda madzi a soda, tinene kuti madzi okhala ngati chidulo, amene zamoyo zambiri sizingakhalemo. Nchifukwa chake imapezeka yambiri m'nyanja ngati Nakuru ndi Bogoria ku Kenya, kumene mbalame za flamingo zimaidya mpaka nthenga zake kusanduka za pinki.

Asipanya atafika ku Mexico m'zaka za m'ma 1500 anapeza a Aztec akugulitsa pamsika timikate touma tochokera ku ndere za m'nyanja ya Texcoco, iwo ankatitcha tecuitlatl. Ku Chad, amayi a mtundu wa Kanembu mpaka lero amayoola ndere zimenezi pamwamba pa madzi m'maiwe ozungulira nyanja ya Chad, amazithira pa kadzenje kokumba pamchenga kuti madzi alowe pansi, zikauma amaziduladula nkumagulitsa. Amazitcha dihé, ndipo amaphikira msuzi wodyera phala lolimba la mawere, ngati mmene ife timachitira ndi thelere. Wasayansi wa ku France, Pierre Dangeard, analemba za dihé mu 1940 koma anthu sanalabadire, mpaka cha mu 1964 pamene Jean Léonard wa ku Belgium anaiona pamsika ku Fort-Lamy, kumene pano ndi N'Djamena, ndipo itapimidwa anapeza kuti ili ndi mapuloteni ochuluka modabwitsa. Kulima kwa malonda kunayamba m'ma 1970 ku Texcoco komwe kuja.

Zoona zake ndi izi: spirulina youma, pa magalamu 100 aliwonse, 55 mpaka 70 ndi mapuloteni. Ilinso ndi ayironi komanso beta-carotene amene thupi limasandutsa vitamini A. Koma tiyeni tiwerenge pang'ono, chifukwa apa mpamene otsatsa malonda amadumpha. Pilitsi limodzi nthawi zambiri limakhala theka la galamu. Mukamwa sikisi patsiku ndi magalamu atatu, mapuloteni ake ndi pafupifupi magalamu awiri. Dzira limodzi lili ndi magalamu sikisi. Ndiye ngati mukufuna mapuloteni basi, dzira, usipa, soya kapena nsinjiro zikupatsani zambiri pa ndalama yochepa. Chinanso nchakuti mabotolo ambiri amalemba kuti muli vitamini B12, koma yambiri imene ili mu spirulina ndi yongofanana naye, thupi la munthu silitha kuigwiritsa ntchito.

Nanga pa ana operewera zakudya m'thupi? Apa anthu ayesa ndithu, ku Burkina Faso, ku Cameroon ndi kwina, ndipo kafukufuku wambiri anali wa anthu ochepa komanso nthawi yochepa. Wina wamkuluko anachitikira ku Luapula ku Zambia ndipo anasindikizidwa mu 2019, ana pafupifupi 500, ena ankadya phala la chimanga ndi soya lothira spirulina, ena phala lomwelo lopanda. Pa kutalika ndi kulemera sanapeze kusiyana koonekeratu, koma ana a spirulina anaonetsa kufulumirako pa zinthu ngati kuyamba kuyenda okha. Zotsatira zoterezi sizikupereka chipambano kwa otamanda kapena onyoza, zikungosonyeza kuti pali kanthu kofunika kukafufuzabe.

Pa BP, shuga ndi mafuta a m'magazi palinso kafukufuku wochepa amene amaonetsa kutsika pang'ono mwa anthu ena. Pang'ono, osati kofika polowa m'malo mwa mankhwala akuchipatala, ndipo palibe umboni woti imachiza khansa kapena HIV. Azakhali ndinawauza kuti, "Azakhali, akuchipatala aja musasiye, ndipo kabotoloka mukakaonetse adokotala tsiku la sikelo yanu ya BP." Chifukwa china chowaonetsera nchakuti ndere zina, makamaka Chlorella, zili ndi vitamini K amene amasokoneza warfarin, mankhwala aja oletsa magazi kuundana.

Chinthu chimodzi cha mu spirulina chimene chinalowa kale pamsika waukulu si mankhwala koma utoto. Chimatchedwa phycocyanin, ndi cha buluu weniweni, mtundu umene ndi wosowa kwambiri muzakudya zachilengedwe. Boma la America linavomereza mu 2013 kuti chizigwiritsidwa ntchito mu maswiti ndi chingamu, ndipo kuyambira pamenepo makampani ambiri amachigula m'malo mwa utoto wopanga kufakitale.

Chlorella ndi kandere kofiira

Chlorella ndi ya m'madzi abwinobwino, kakang'ono kozungulira, anakatulukira ndi Martinus Beijerinck wa ku Netherlands mu 1890. Kanathandiza kwambiri sayansi, Melvin Calvin amene analandira Nobel mu 1961 pofotokoza mmene zomera zimasandutsira mpweya kukhala shuga, ankagwiritsa ntchito kandere komweka. Nkhondo yachiwiri itatha panali chiyembekezo chachikulu choti Chlorella idzathetsa njala padziko, ku America anamanga mpaka malo oyesera kuilima mu 1951. Zinakanika chifukwa kuilima, kuisefa ndi kuiumitsa kunali kodula kuposa kulima soya, komanso ili ndi chikhungwa cholimba chimene mimba ya munthu siigaya pokhapokha chitaswedwa kaye, ngati kumeza nthanga ya dzungu yosasenda. Inatsala ngati chakudya choonjezera, makamaka ku Japan ndi Taiwan.

Haematococcus ndiye mwina munaionapo osadziwa, timadzi totsalira pa dzenje la pathanthwe tikamauma nkusiya zofiira ngati dzimbiri. Kandereka kamakhala kobiriwira zinthu zikamayenda bwino, koma dzuwa likakula chakudya nkuchepa kamadzikutira nkudzaza thupi ndi mankhwala ofiira otchedwa astaxanthin, ngati ambulera. Astaxanthin ndi amene amafiiritsa nyama ya nsomba ya salmon, nde alimi a nsombazi amamuthira m'chakudya. Wambiri amene amagwiritsa ntchito ndi wopanga kufakitale chifukwa ndi wotchipa, wa m'ndere, amene amalimidwa malo ngati Hawaii ndi Israel, amapita kwambiri ku makapusozi a anthu.

Kuchoka mu labotale kufika ku famase

Mukaona mutu wa nkhani woti "ndere zapha maselo a khansa", funso loyamba likhale loti, zaphera kuti? Nthawi zambiri ndi m'kambale ka mu labotale. M'kambale zinthu zambiri zimapha maselo a khansa, olo jiki amapha, vuto ndi kupeza chimene chingaphe matenda m'thupi la munthu osapha munthuyo. Pamakhala masitepe: kambale, kenako mbewa, kenako anthu ochepa kuona ngati sakuvulala, kenako odwala mazana, kenako masauzande. Ulendo wonse umatenga zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa mankhwala khumi amene amafika poyesedwa pa anthu, pafupifupi naini amagwera panjira.

Nkhani ya cryptophycin ikuonetsa bwino zimenezi. Anapezeka mu 1990 mu cyanobacteria yotchedwa Nostoc, ndipo asayansi a ku University of Hawaii anapeza kuti amaletsa maselo a khansa kugawikana pa mlingo wochepa kwambiri, ngakhale maselo amene anali atasiya kumva mankhwala ena. Kampani ya Eli Lilly inapanga mtundu wake wotchedwa cryptophycin-52 nkuuyesa pa odwala, koma unkawononga mitsempha ndipo phindu lake silinakwane, nde anausiya. Ofufuza ena akuyesabe kuumangirira ku tinthu timene tingaufikitse pa chotupa penipeni osakhudza thupi lonse.

Ina imene imatikhudza kwambiri kuno ndi cyanovirin-N. Asayansi a National Cancer Institute ku America analengeza mu 1997 kuti apeza puloteni mu Nostoc ellipsosporum imene imamatirira kunja kwa kachilombo ka HIV nkukalepheretsa kulowa mu selo, ngati kumata phula pa kiyi kuti asalowe pa loko. Maganizo anali oti apange mafuta opaka amene amayi angagwiritse ntchito podziteteza. Pa anyani zinaonetsa kuti zikugwira, ku Brazil anafika mpaka posintha soya kuti azibereka puloteni imeneyi kuti itchipe, koma mpaka lero sinafike pokhala mankhwala ovomerezeka. Ndipo chonde apa timvetsetsane, iyi ndi puloteni yopatulidwa ya mtundu wina wa ndere, yopaka osati yakumwa, ilibe chochita ndi mapilitsi a spirulina, ndipo aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV chifukwa cha ndere akuika moyo wanu pachiswe.

Chimene chimapatsa ofufuza mphamvu yopitiriza nchakuti abale a nderezi a m'nyanja zamchere anabereka kale mankhwala enieni. Dolastatin 10, amene amapangidwa ndi cyanobacteria ya m'nyanja yamchere, ndi amene anakhala maziko a mankhwala a khansa otchedwa brentuximab vedotin, ovomerezedwa mu 2011 pa mitundu ina ya lymphoma. Kuchokera pamene dolastatin anapatulidwa mu 1987 panadutsa zaka 24.

Kumunda

Kwa ine mbali iyi ndi imene ili pafupi kwambiri ndi moyo wathu, poti mtengo wa thumba la feteleza aliyense akuudziwa. Mpweya umene watizungulirawu, magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni, chakudya chomwe chija timagula mu urea, koma chimanga kapena mpunga sizingamutenge mumpweyamo. Mtedza, soya ndi nandolo zimatha chifukwa cha mabakiteriya okhala mu timatuza ta kumizu. Cyanobacteria zina monga Anabaena ndi Nostoc zimachitanso zomwezo, koma pazokha m'madzi. Zimaoneka ngati mkanda wa mikanda, ndipo pakapita timikanda tingapo pamakhala kamodzi kokulirapo ka chikhungwa chokhuthala. M'kameneko ndi mmene ntchito imachitikira, chifukwa chida chogwirira nayitirojeni chimawonongeka chikakumana ndi okosijeni, nde kaseloko kamadzimata ngati nkhokwe yomata bwino nkumagawira anzake zimene kapanga.

Wasayansi wa ku India, P. K. De, ndi amene anaonetsa mu 1939 kuti ichi nchifukwa china chimene minda ya mpunga ya kumeneko inkabereka chaka ndi chaka popanda manyowa. Pambuyo pake ku India anayamba kuchulukitsa nderezi m'timadamu tosaya, kuziumitsa pamodzi ndi dothi nkumamwaza m'munda mpunga ukangowokeredwa. Pamene zinthu zayenda bwino zimatha kupereka makilogalamu 20 mpaka 30 a nayitirojeni pa hekitala pa ulimi umodzi. Kuti mumve kukula kwake, thumba la urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Ndiye tikukamba za thumba limodzi pa hekitala, si zochepa kwa mlimi wa ku Karonga, Nkhotakota kapena ku chigwa cha Chilwa, komanso si feteleza yense amene mpunga umafuna.

Palinso Azolla, kachomera koyandama ka timasamba ting'onoting'ono kamene kamasunga Anabaena mkati mwa masamba ake. Alimi a ku China ndi Vietnam akhala akukalima m'minda ya mpunga kwa zaka mazanamazana, kakadzaza amakakwirira m'matope kuti kawole, ena amadyetsa abakha, nkhumba ndi nsomba. Masiku ano katchuka pa Facebook ngati chakudya cha nkhuku chotchipa. Mapuloteni alimo, koma kakakhala kakawisi gawo lalikulu kwambiri ndi madzi, choncho ndi koonjezera chabe. Kamafuna fosifolasi, kamafuna madzi okhazikika, kutentha kukanyanya kamafooka, komanso kakathawira kumtsinje kamatha kukhala vuto. Ku South Africa mtundu wina wochokera ku America, Azolla filiculoides, unaphimba madamu mpaka mu 1997 anachita kubweretsa kanankafumbwe kodya kachomerako kuti kachepe.

Ndiye pali zamadzimadzi zija za m'mabotolo zopopera mbewu, zimene amati ma biostimulant. Izi si feteleza, zili ngati kuthandiza mbewu kuti idye bwino chimene chilipo kale, mizu ikule, ipirire ng'amba. Mu ndere mumapezekadi timankhwala tofanana ndi tokulitsa zomera. Mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo mu 2019, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, lofuna kuti wogulitsa pansi pa lamulolo aonetse umboni wa zimene walemba pabotolo. Zotsatira za m'munda weniweni zimasiyanasiyana, pena zokolola zimakwera pena ayi, kutengera dothi, mbewu ndi nyengo. Amene akufuna kuyesa angachite bwino kupopera mizere ingapo nkusiya ina pambali pake, pokolola ayeze zonse.

Chatsopano china nchochokera ku University of Tübingen ku Germany, kumene mu 2019 analengeza kuti cyanobacteria ya m'madzi abwino yotchedwa Synechococcus elongatus imatulutsa mtundu wina wa shuga, mwachidule 7dSh, umene umatseka njira yomweyo ya m'thupi la zomera imene glyphosate amatseka, mankhwala aja opha udzu amene alimi ambiri amangoti Roundup. Chiyembekezo nchoti mwina pangadzapezeke mankhwala a udzu osachedwa kutha m'nthaka, koma pakadali pano ndi nkhani ya ofufuza, simungawapeze m'sitolo.

Mbali ya poizoni

Timankhwala todzitetezera tija tina ndi toopsa kwabasi. Odziwika kwambiri ndi ma microcystin, amene amawononga chiwindi, ndipo amapangidwa makamaka ndi cyanobacteria yotchedwa Microcystis. Palinso anatoxin amene amagwira mitsempha, chiweto chimatha kufa pasanathe nthawi yaitali chitamwa. Nkhani yoyamba yolembedwa mwasayansi ndi ya 1878, pamene George Francis anafotokoza za nkhosa, mahatchi ndi agalu amene anafa atamwa madzi a Lake Alexandrina ku Australia.

Yomvetsa chisoni kwambiri inachitikira ku Caruaru ku Brazil mu 1996. Pachipatala china chotsuka magazi a odwala impso anagwiritsa ntchito madzi ochokera m'damu limene munali nderezi osasefedwa mokwanira, poizoni analowa m'magazi mwachindunji, odwala oposa 50 anamwalira. Patapita zaka ziwiri, mu 1998, bungwe la WHO linaika mlingo woti mu lita imodzi ya madzi akumwa mtundu wina wa poizoniyu wotchedwa microcystin-LR usapitirire maikulogalamu imodzi, kutanthauza galamu imodzi yogawidwa ka miliyoni. Mu August 2014 mzinda wa Toledo ku America, anthu pafupifupi 400,000 anauzidwa kuti asamwe madzi a pampopi kwa masiku atatu chifukwa cha ndere za mu Lake Erie. Ku Botswana mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa kumpoto kwa Okavango ndipo boma linati ndi poizoni wa cyanobacteria m'zithaphwi zimene zinkamwamo. Abale athu okhala ku Joni amadziwa mmene damu la Hartbeespoort limabiriwirira.

Chimene chimachititsa nderezi kuchulukana chonchi ndi chakudya chochuluka m'madzi, makamaka fosifolasi ndi nayitirojeni wochokera ku zonyansa za m'masuweji, feteleza wokokoloka m'minda ndi ndowe, kuphatikiza kutentha ndi madzi osayenda. Ndi zomwe zija mlimi wa nsomba amachita dala ndi manyowa, kungoti apa zapyola muyezo. Madzi akamaoneka ngati athiridwa penti wobiriwira, pamwamba pali chithovu chokhuthala chimene mphepo yakankhira kugombe, kununkha, nsomba zikuyandama, musamwe, musamwetse ziweto, ana asasambemo. Ndipo ichi anthu ambiri sadziwa: kuwiritsa sikuthetsa microcystin. Kumapha majeremusi a kolera koma poizoniyu amatsala, mwinanso kuchulukirapo poti madzi ena auluka ngati nthunzi.

Apa mpamene nkhani ya poizoni ikukumana ndi kabotolo ka azakhali. Spirulina payokha sidziwika kuti imapanga microcystin, koma ikalimidwa padamu losasamalidwa mitundu ina imatha kulowerera, komanso ndere zimayamwa zitsulo zoopsa ngati mtovu ndi arsenic ngati zili m'madzimo. Ku Oregon ku America, kumene amakolola ndere zina zakutchire mu Klamath Lake nkumagulitsa ngati chakudya choonjezera, boma linachita kuika malire mu 1997 a maikulogalamu imodzi pa galamu chifukwa poizoniyu ankapezekamo. Nde botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda tsiku lothera ntchito, longothiridwa m'kapepala ka pulasitiki, palibe amene angakutsimikizireni zimene zili mkatimo.

Zimene sizinayankhidwebe

Funso loyamba ndi la umboni pa anthu. Kafukufuku wambiri wa spirulina ndi Chlorella ndi wa anthu makumi angapo kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndiye kutsika pang'ono kwa shuga kapena mafuta kuja kumakhalitsa? Kumachepetsadi sitiroko ndi matenda a mtima pakapita zaka? Ndipo pa ana, kodi phindu lake likuposa la dzira, usipa kapena chiponde pa ndalama yomweyo, poganiziranso kuti ana ena amakana phala likasintha mtundu ndi fungo?

Pa mankhwala enieni, kodi cryptophycin kapena cyanovirin-N adzabwereranso mwa njira ina mpaka kufika ku famase, nanga ndani adzalipire kafukufuku wodula chonchi ngati odwala ake ambiri ali m'mayiko osauka? Palinso nkhani ya umwini. Pangano la Nagoya la 2010 limanena kuti dziko limene kwachokera chamoyo lizipindula nawo chikabereka malonda, koma kandere kamodzimodzi kamatha kupezeka m'mayiko khumi, ndipo masiku ano wofufuza amatha kungotenga ndondomeko ya DNA yake pa intaneti osapondako kunyanjako. Amayi a Kanembu amene anasunga luso la dihé kwa mibadwomibadwo, gawo lawo ndi liti pa msika wa spirulina?

Kumunda, zambiri zimene tikudziwa zinayesedwa pa mpunga wa ku Asia. Pa dothi lathu, pa kilombero, ndi mitundu ya ndere imene ili kale m'madambo mwathu, zingapereke zochuluka bwanji, ndipo mlimi wa chimanga amene munda wake sukhala m'madzi angapindule nazo motani? Ena akuganiza zolima ndere m'madzi onyansa a m'mizinda kuti ziyamwe fosifolasi kenako zikhale manyowa, koma zitsulo ndi poizoni amene zingatengemo adzathera kuti, m'nthaka kapena m'ndiwo zamasamba?

Ndipo pali funso la amene akuyang'anira. Mapilitsi oterewa ali pakatikati, si chakudya chenicheni komanso si mankhwala, nde ku Malawi kuno akuyenera kupimidwa ndi a Malawi Bureau of Standards kapena a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, makamaka akamagulitsidwa pa WhatsApp ndi malonjezo ochiza matenda? Nanga madamu ndi zithaphwi zimene anthu ndi ng'ombe amamwera limodzi mu October madzi akaphwera, ndani amatunga madziwo kukawapima ngati muli microcystin, ndipo kangati pachaka?